Thandizo la madona: lalimbitsa nthambi zathu zachuma kapena lazifoola?

Nangozo wa ku Area 25:
Moni nonse akuluakulu. Chiyimitsireni boma la America thandizo la USAID mu Januwale 2025, pali funso lomwe likundisowetsa tulo. Tonse tinaona mmene zinthu zinagwedezekera: anthu kuchotsedwa ntchito m'mabungwe, magalimoto a mapulojekiti kuima, odwala kuyamba kufunsa ngati mankhwala adzakhalepo mwezi wamawa. America yokha inkathira m'dziko muno ndalama zoposa madola 350 miliyoni pachaka. Koma ine mtima wanga uli pa nthambi zomwe zimayendetsa chuma chathu: unduna wa zachuma, banki yaikulu, MRA, ADMARC, makhonsolo. Takhala tikulandira thandizo chilandirireni ufulu mu 1964. Kodi nthambi zimenezi lero zili ndi mphamvu kuposa kale, kapena thandizoli lazizoloweza kuyang'ana kunja? Ndinagwirapo ntchito ya maakaunti ku khonsolo, ndiye ndili ndi zanga zonena, koma ndiyambe ndamva kwa inu.

Chisale wa ku Dowa:
Mayi Nangozo, mwayamba bwino. Ine ndi mlimi, ndiye ndinena za ADMARC. Tili ana, msika wa ADMARC unali pafupi ndi mudzi uliwonse. Ukakolola mtedza kapena chimanga unkadziwa kopita, unkadziwa mtengo usanachoke pakhomo, ndipo sikelo inali imodzi. Njala ikafika mu Januwale, unkapita pomwepo kukagula chimanga pamtengo wofikirika. Kenako kunabwera malangizo a World Bank ndi IMF. Ngongole yoyamba yokonzanso chuma inasainidwa mu 1981, ndipo pofika 1987 anatsegula msika kuti aliyense azigula mbewu kwa alimi, ADMARC n'kuyamba kutseka misika yomwe ankati siibweretsa phindu. Ankati amalonda adzalowa m'malo mwake ndipo adzapikisana pamtengo. Amalonda ake ati? Kumene msewu uli wabwino anafikadi. Kwathu kuno kunafika venda mmodzi ndi sikelo yake yopachika pamtengo, mu Epulo chimanga chisanaume bwino, mlimi ali ndi ngongole ya fizi. Palibe wopikisana naye. Mtengo amatchula yekha, ndipo ndowa yake yoyezera ndi yokulitsidwa pansi kuti mulowe zambiri. Chimanga chomwecho adzatigulitsa mu Febuluwale pamtengo wowirikiza. Anagwetsa chomwe chinalipo asanamange cholowa m'malo mwake. Ine mlandu wanga ndi umenewo.

Agogo Mbewe, Zomba:
A Chisale, zomwe mwanenazo n'zoona, koma tisaiveke ADMARC mkanjo woyera. Ine ndinali m'boma nthawi imeneyo. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inkagula fodya, thonje ndi mtedza kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inkagulitsira kunja. Phindu lakelo silinkabwerera kumudzi. Linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani, kuphatikizapo Press, yomwe inali m'manja mwa Kamuzu. Mlimi wa ku Dowa ndiye ankalipirira chuma cha anthu ochepa a m'tauni osadziwa.

Chinanso, mukukumbukira kuti mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale? Lamulo la mbewu zapadera linkasungira bale eni maesiteti okha. Bambo anu akafuna kulima bale, ankayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya munthu wina. Chinasintha zimenezi ndi kukakamiza kwa World Bank ndi USAID kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Makalabu a fodya anayamba pamenepo, ndipo NASFAM yomwe mukuidziwa lero inamera kuchokera ku pulojekiti ya USAID ya nthawi yomweyo. Nyumba zamalata zambiri za ku Dowa ndi Kasungu zinamangidwa ndi ndalama za bale ameneyo.

Ndiwonjezenso: mu Meyi 1992 madona atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse losakhudza njala ndi matenda mpaka boma litalemekeza ufulu wa anthu. Kalata ya mabishopu inali itatuluka mu Malichi, anthu anali atayamba kale kulimba mtima, koma kuuma kwa thumba la boma kunafulumizitsa riferendamu ya 14 Juni 1993. Ndiye tikamadzudzula tizikumbukira mbali zonse.

Chisale wa ku Dowa:
Za bale ndikuvomereza agogo, ifenso tinadyapo. Koma ngati ADMARC inkatibera, mankhwala ake anali kuikonza kuti phindu lizibwerera kwa mlimi. Mmalo mwake inangosiyidwa lende. Boma likuiuza kuti igule pamtengo wandale, madona akuiuza kuti ichite phindu ngati kampani, ndalama zogulira zikufika mu Julayi mavenda atasesa kale. Mapeto ake mu 2022 inatsekedwa kwakanthawi, antchito onse n'kuchotsedwa.

Mnyamata wa ku Chanco:
Ndilowepo pang'ono, makolo anga. Ine ndikuphunzira zachuma, ndipo nkhani yomwe imandionetsa vuto lenileni ndi ya nkhokwe za chimanga mu 2001 ndi 2002. NFRA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti izisunga chimanga cha dziko. Inalibe ndalama zake zoyambira, ndiye inagula chimangacho ndi ngongole za m'mabanki zachiwongoladzanja chokwera. IMF inalangiza kuti nkhokwe zichepetsedwe, gawo lina ligulitsidwe kuti ngongoleyo ibwezedwe. Chomwe chinachitika n'chakuti pafupifupi chimanga chonse, matani oposa 160,000, chinatuluka m'nkhokwe. Zokolola za 2001 zinali zochepa, ndipo pofika Febuluwale 2002 anthu ankafa ndi njala, ena akudya gaga ndi mizu. Kenako kunayamba kulozana zala. Boma linkati IMF ndi imene inatiuza, IMF inkati ife sitinati mugulitse zonse, ndipo kafukufuku wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB anaonetsa kuti anthu ena a maudindo anapindula ndi chimangacho.

Chomwe ndimaona apa n'chakuti pakakhala olamula awiri, wolakwa sapezeka. Nduna imabisala kumbuyo kwa dona, dona amabisala kumbuyo kwa nduna. Wa IMF sitimuvotera, sitingamuitanitse ku Nyumba ya Malamulo kuti akayankhe mafunso. Wathu yemwe timamuvotera amati manja anga anali omangidwa. Nthambi yomwe siidziwa kuti imayankha kwa ndani singakhwime.

NaBanda, Manchester:
Ine ndi namwino, ndinagwira ntchito kumudzi ndisanabwere kuno. Ndikamamva anthu akunyoza thandizo mtima umandipweteka, chifukwa ndinaona wodi mmene inalili ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Anthu ankagona pansi, pansi pa bedi, m'makhonde. Tinkangowapatsa panado ndi mawu olimbikitsa. Ndalama za Global Fund, kenako za PEPFAR, pulogalamu ya America yolimbana ndi Edzi, zinasintha zimenezo. Ndinaona mayi yemwe anabwera atanyamulidwa pa machira, patapita miyezi ingapo akubwera yekha wapansi kudzatenga mankhwala, mwana ali kumsana. Komanso cha mu 2005 Britain ndi Global Fund anathandiza kuwonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti kuti tisamathawe, ndipo anzanga ambiri anakhaladi chifukwa cha zimenezo.

Koma funso la mayi Nangozo ndalimva. Mankhwala atayamba kusowa m'njira, madona ena sanadikire kuti Central Medical Stores ikonzedwe. Anakhazikitsa njira yawoyawo yogulira, yosungira ndi yogawira mankhwala, ndi magalimoto awo ndi mafomu awo. Odwala anapulumuka, zoona. Koma nyumba ya boma yosungira mankhwala siinaphunzire chilichonse pa ntchito yomwe inkachitika kumbali. Ndipo mpaka lero ndalama zoposa 90 pa 100 iliyonse zolimbana ndi Edzi zimachokera kunja. Zaka 20 zinali zokwanira kuti boma lizisenza gawo lokulirapo chaka ndi chaka. Palibe anakakamiza zimenezo, kaya ife kaya iwo.

Nangozo wa ku Area 25:
Achemwali NaBanda, mwakhudza penipeni. Ndikuuzeni mmene zinkakhalira mu ofesi ya maakaunti ku khonsolo komwe ndinali, sinditchula dzina.

Pakhomo limodzi lomwelo panali maiko awiri. Mbali ino ndi ofesi ya boma: kompyuta yakale, pulinta yopanda inki, ndalama zoyendetsera ntchito zochokera ku likulu zikufika mochedwa komanso zoperewera. Mbali inayo, chitseko chachitatu kuchokera pa ife, ndi ofesi ya pulojekiti: jenereta yakeyake, intaneti, galimoto yatsopano yokhala ndi chizindikiro cha dona pachitseko, ndi akauntanti wolandira malipiro owirikiza kangapo kuposa bwana wathu wa zachuma. Pulojekiti iliyonse inali ndi akaunti yake ku banki, fomu yake ya lipoti, chaka chake cha ndalama. Wina chaka chake chimatha mu Seputembala, wina mu Disembala, pomwe cha boma nthawi imeneyo chinkatha mu Juni. Mwezi ukamatha, lipoti loyamba kulembedwa linali la dona, chifukwa likachedwa ndalama zimaima. Lipoti lopita kwa makhansala, oimira anthu omwe amalipira ziphaso pamsika, linkadikira. Nthawi zina linkafika pamsonkhano anthu atakhala kale pansi, osaliwerenga n'komwe.

Ndiye panali nkhani ya anthu. Mnyamata akabwera wanzeru, wodziwa ntchito, tinkadziwa kuti sakhalitsa. Boma lamuphunzitsa, waphunzira ntchito pa ife, chaka chisanathe bungwe lamutenga. Sindimamuda, ali ndi banja. Koma taganizani: thandizo lomwe papepala likuti labwera kudzalimbitsa khonsolo ndi lomwe likukokolola anthu abwino a khonsoloyo.

Za maalawansi ndiye musanene. Wekishopu ku Mponela, wekishopu ku Salima, wekishopu ku Liwonde. Munthu wofunika kusaina vocha sapezeka pampando sabata yathunthu chifukwa alawansi ya masiku atatu ikuposa theka la malipiro ake apamwezi. Anthu anayamba kusankha ntchito poona ngati ili ndi envulopu. Ngakhale kumudzi, ukaitanitsa msonkhano wa komiti yachitukuko, funso loyamba limakhala lakuti kodi kuli kanganyase? Chizolowezi chimenechi sichinagwe kumwamba. Mabungwe ankapikisana kuti anthu abwere kumisonkhano yawo, aliyense akukweza alawansi. Madona atazindikira, anagwirizana kuti azilipira okha chakudya ndi malo ogona mmalo mopereka ndalama m'manja, koma anthu anali atazolowera kale, mpaka ena ankanyanyala misonkhano.

Pulojekiti ikatha, galimoto imatsala, koma bajeti ya khonsolo ilibe mzere wa matayala ake. Pitani kuseri kwa maofesi a maboma ambiri mukaone magalimoto atakhala pa njerwa.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye tikudikira chiyani? Athamangitsidwe basi. Ife kuno tikutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi popanda wekishopu, ndipo zimafika kwa mayi anga tsiku lomwelo. Dziko lizidya thukuta lake.

Agogo Mbewe, Zomba:
Mwana wanga, zimenezo tinaziyesa, ndipo sizinali kale kwambiri. Mu Epulo 2011 Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yachinsinsi yomwe inamudzudzula. Britain inaimitsa thandizo la bajeti, ena anatsatira, mgwirizano ndi IMF unasokonekera, ndipo America inaimitsa ndalama za magetsi za Millennium Challenge. Boma linabweretsa bajeti yomwe ankaitcha zero deficit, kutanthauza kuti ntchito za tsiku ndi tsiku tizilipira tokha. Mfundoyo payokha siinali yoipa. Koma inabwera mwaukali, mwadzidzidzi, pa chaka chomwe fodya anagulidwa motchipa. Misonkho inakwera, ndalama zakunja zinasowa, anthu ankagona pamizere ya mafuta ndi zigubu, ndipo pa zionetsero za 20 Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa. Nthawi imeneyo madona ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti. Simungachotse gawo lotere tsiku limodzi popanda kuvulaza osauka.

Koma Bingu yemweyo ndi amene anaonetsa kuti boma likhoza kukana malangizo n'kupambana. Mu 2005 anayambitsa makuponi a feteleza madona ambiri akukayika, ndipo mvula itagwa bwino dziko linakolola chakudya chokwanira mpaka kugulitsa ku Zimbabwe mu 2007. Ena mwa okayikawo anadzayamba kuthandiza pulogalamuyo. Vuto linadza pambuyo pake, pomwe sabuside inasanduka chida cha kampeni, n'kumadya gawo lalikulu la bajeti ya ulimi, alangizi ndi ulimi wothirira n'kumatsalira. Pamenepo sitinganamizire mlendo.

Mnyamata wa ku Chanco:
Agogo, ndipitirize pomwe mwasiyira, chifukwa zomwe zinatsatira ndi zomwe zimandizunguza mutu. Mayi Joyce Banda atalowa mu Epulo 2012, anakonza ubale, kwacha inatsitsidwa mu Meyi kuchoka pa K168 kufika K250 pa dola, thandizo linabwerera. Patangotha chaka ndi miyezi ingapo, mu Seputembala 2013, mkulu woona za bajeti a Paul Mphwiyo anawomberedwa pageti pa nyumba yawo, ndipo Cashgate inaphulika. Anthu ankapezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto. Akatswiri ofufuza mabuku a ndalama a Baker Tilly, omwe analipiridwa ndi Britain, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Njira yake inali yolemba macheke kwa makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta zonse mu IFMIS, makina omwe anaikidwa ndi cholinga choti ndalama za boma zizilondolozeka.

Madona anaimitsa pafupifupi madola 150 miliyoni a bajeti. Sindingawadzudzule, nawonso ali ndi okhoma msonkho kwawo. Koma onani zotsatira zake. Ndalama sizinasiye kubwera m'dziko, zinangosintha njira. Zinayamba kudutsa m'mabungwe ndi m'mapulojekiti, zomwe mayi Nangozo afotokoza zija n'kuchuluka. Mu 2005 ku Paris mayiko olemera analonjeza kuti azigwiritsa ntchito njira za boma la dziko lolandira kuti njirazo zilimbe. Ife zinatitembenukira: chifukwa njira za boma n'zofooka, dona amazilambalala, ndipo chifukwa akuzilambalala, palibe chozikakamiza kulimba. Aphungu amakambirana bajeti yomwe siikuonetsa gawo lalikulu la ndalama zomwe zikugwira ntchito m'madera awo. Boma nalo, posowa thandizo la bajeti, linayamba kukongola kwambiri m'mabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera. Mu 2006 tinakhululukidwa ngongole zambiri zakunja pansi pa HIPC, ndondomeko yopepuzira ngongole mayiko osauka, koma lero chiwongoladzanja chokha chikudya ndalama zambiri kuposa bajeti ya unduna wa zaumoyo. Ndipo banki ikamapeza phindu losavuta pokongoza boma, ingavutikirenji kukongoza a Chisale?

Chisale wa ku Dowa:
Apo wanena zoona mwana wanga. Kalabu yathu ikapita kukapempha ngongole, chikole chomwe amafuna ndi nyumba ya m'tauni.

Wa ku Angónia:
Moni abale a ku Malawi. Ine ndikulemba kuchokera tsidya lino la Mozambique, ndipo nkhani yanu ikufanana ndi yathu. Mu 1995 World Bank inakakamiza boma lathu kuti lichepetse chitetezo cha mafakitale a mtedza wa kashu, kuti mtedzawo uzitumizidwa kunja wosakonza. Ankati mlimi apeza mtengo wabwino. Mlimi anapeza kochepa, mtedza unapita kukakonzedwa ku India, mafakitale anatsekedwa, anthu masauzande anataya ntchito, ambiri mwa iwo amayi. Pambuyo pake boma linabwezeretsa msonkho woteteza mafakitalewo, koma zinatenga zaka kuti ntchitoyo idzukenso.

Kenako dziko lathu linakhala mwana wokondedwa wa madona, akuthira ndalama mu bajeti chaka ndi chaka, malipoti onse akuyamikira. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni, zomwe makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anatenga boma litasainira chikole aphungu osadziwa. IMF ndi madona anaimitsa thandizo, metikali inagwa, mitengo inakwera. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Chomwe ndinaphunzirapo n'chakuti unduna wathu unadziwa kulemba malipoti okondweretsa dona, koma Nyumba ya Malamulo yathu inalibe mano. Madona anali ndi akatswiri awo mu likulu zaka zonsezo, koma sanaone. Amene akanatha kuona ndi aphungu ndi atolankhani athu, akanakhala ndi mphamvu.

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Ndawerenga zonse mwachidwi. Ine ndifunse za msonkho, chifukwa ndikuona kuti muzu uli pamenepo. Ine msonkho umadulidwa ndisanaone malipiro. Mayi wogulitsa tomato amadula chiphaso tsiku lililonse, ndipo akagula sopo kapena mayunitsi amalipira VAT. Ndiye si zoona kuti Amalawi salipira. MRA, yomwe inayamba ntchito mu 2000 ngati mbali ya kusintha komwe madona ankalimbikitsa m'mayiko ambiri a mu Africa, imatolera ndithu, ndipo ndi imodzi mwa nthambi zomwe zinalimba. Koma munthu wamba sagwirizanitsa msonkho wake ndi chitukuko chomwe akuona. Mjigo uli ndi chikwangwani cha bungwe. Buloko ya sukulu ili ndi mbendera ya dziko lina. Ana amadya phala la bungwe. Ndiye mjigo ukawonongeka anthu amati tidikire eni ake abwere, sapita kukafunsa khansala kuti ndalama za ziphaso zikupita kuti.

Mtukula Pakhomo unayambira kuno ku Mchinji mu 2006, ndipo ndaona ndi maso anga ana amasiye akubwerera kusukulu ndi yunifolomu chifukwa cha ndalama imeneyo. Pulogalamu yabwino kwambiri, ndipo ikuyenda kudzera m'maofesi a boma. Koma ndalama zake zambiri ndi za Germany, European Union, Ireland ndi World Bank. Chinthu chomwe chikugwira ntchito bwino chonchi, bwanji boma silikuchitenga pang'onopang'ono kukhala chake? Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino, ndamva agogo, kuthamangitsa tsiku limodzi ayi. Koma ndiuzeni dziko limodzi lomwe linalandira thandizo n'kutulukamo lili bwino. Apo ayi tikungodzinamiza.

Mnyamata wa ku Chanco:
Achimwene, ndi loyandikana nanu komweko, Botswana. Pomwe inkalandira ufulu mu 1966 inali m'gulu la mayiko osaukitsitsa, ndipo Britain ndi imene inkalipira gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera boma. Iwo anaika lamulo lakuti thandizo lililonse lizidutsa ku unduna wa zachuma ndi mapulani, ndipo pulojekiti izilandiridwa pokhapokha ngati ili kale mu pulani ya chitukuko ya dziko yomwe aphungu avomereza. Akatswiri akunja ankakhala m'maudindo a boma, pansi pa mabwana a ku Botswana, osati mu ofesi yapadera. Dona akabwera ndi zake zosagwirizana ndi pulani, ankauzidwa kuti zikomo. Anthu amati ndi dayamondi, ndipo n'zoona kuti mgodi wa Orapa utatsegulidwa mu 1971 zinthu zinasintha. Koma mayiko ena ali ndi miyala yomweyo ndipo sanapite patali. Dongosolo linayamba ndalama za dayamondi zisanachuluke.

Ife tikuchita mosiyana. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kufika pa K1,700 pa dola, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole ya madola 175 miliyoni. Anthu anamva ululu wonse pamtengo wa shuga, mafuta ndi feteleza. Koma zina zomwe zinalonjezedwa, monga kuchepetsa kuwononga ndalama m'boma, sizinayende, ndipo mu Meyi 2025 mgwirizanowo unatha titalandira madola 35 miliyoni okha. Chosavuta kusaina usiku umodzi chinachitika, chofuna kudziletsa kwa zaka sichinachitike. Kumbukiraninso kuti IMF inapeza kuti ziwerengero za ndalama zakunja zomwe inapatsidwa cha mu 2018 ndi 2019 sizinali zoona. Banki yaikulu ikafika pokongoletsa manambala kuti ikondweretse wokongoza, ndiye kuti nkhope yake yatembenukira kolakwika.

Agogo Mbewe, Zomba:
Ndikugwirizana nawe pa za Botswana, koma ndikuchenjeze pang'ono. Kukana dona kumafuna anthu m'boma odziwa chomwe akufuna, okhala paudindo nthawi yokwanira kuti aphunzire ntchito. Kwathu kuno boma likasintha, alembi aakulu amasinthidwa, akuluakulu a banki yaikulu, a MRA, a ESCOM amasinthidwa. Munthu yemwe akudziwa kuti akhoza kuchotsedwa mawa sangatsutsane ndi nduna, ndipo sangatsutsanenso ndi dona. Zimenezi sanatiphunzitse ndi azungu. Taonani za magetsi: ndalama za Millennium Challenge, madola 350 miliyoni, zinamanga nthambo yaikulu kuchokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma ndi kukonzanso Nkula A, ndipo ESCOM inagawidwa, EGENCO n'kubadwa mu 2017. Nthambo zilipo, zikugwira ntchito. Koma kagulidwe ka katundu ndi kulowerera kwa andale m'makampani a boma, dona sangazikonze ndi siginecha.

NaBanda, Manchester:
Agogo, pamenepo ndi pomwe ine ndimaima. Sindikufuna thandizo la mankhwala liime ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ndikudziwa nkhope za anthu omwe angafe. Chomwe ndikufuna n'chakuti mgwirizano uliwonse uzikhala ndi ndondomeko yolembedwa poyera: chaka chino boma lilipira gawo ili, chaka chamawa lokulirapo, ndipo aphungu aziona ngati zikutsatidwa. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Tiyambe ndi kufunsa zimenezo kwa phungu aliyense wobwera kudzapempha voti.

Chisale wa ku Dowa:
Ine ndibwerere kumunda. Zonse mwanenazi n'zakuya, koma mlimi akufuna zitatu: msika wodalirika, sikelo yoona, ndi ngongole yoti angathe kubweza. Kopaletivi yathu inapatsidwa nyumba yosungiramo mbewu ndi pulojekiti ina. Nyumbayo ndi yabwino, yamalata, ya simenti pansi. Chaka choyamba a pulojekiti anatipezera wogula soya, tinagulitsa pamodzi pamtengo wabwino. Pulojekiti itatha, wogulayo sanabwerenso, chifukwa ankalankhula ndi ofesala wa pulojekiti, osati ndi ife. Nambala yake inapita ndi ofesalayo. Chaka chino tasonkha tokha ndalama, tatuma anthu awiri ku Lilongwe kukayenda m'makampani opanga mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku. Mtengo omwe tapeza ndi wotsikirapo, koma mgwirizano uli m'dzina la kopaletivi ndipo tikudziwa khomo logogoda.

Nangozo wa ku Area 25:
A Chisale, musanatumize soyayo onetsetsani kuti mgwirizanowo walembamo tsiku lolipira komanso yemwe alipire thiransipoti, ndipo ndalama zilowe mu akaunti ya kopaletivi yosainira anthu atatu, osati pa foni ya wapampando. Aphunzitsi a ku Mchinji, pa funso lanu la ziphaso: misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu wamba akamvere nawo, ndipo makhonsolo amayenera kumata pa bolodi ndalama zomwe alandira ndi mmene zagwirira ntchito. Mukapita ku boma kukatenga malipiro kapena kukasaina mafomu, dutsani pa bolodipo, jambulani ndi foni, mutitumizire pano. Ine ndikuthandizani kuwerenga mzere ndi mzere, makamaka wa ndalama zotoleredwa m'misika ndi wa CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. A m'maboma ena chitaninso chimodzimodzi kuti tiyerekeze.